Mphemvu yodumpha ya ku Table Mountain: momwe akatswiri amadziwira kuti apeza mtundu watsopano

M'chaka cha 2006, akatswiri awiri a tizilombo a ku yunivesite ya Cape Town m'dziko la South Africa, a Mike Picker ndi a Jonathan Colville, adakola mu neti yawo kachilombo komwe sikadalembedwe m'buku lililonse la sayansi. Adakapeza ku Silvermine, dera lomwe lili m'malo otetezedwa a Table Mountain. Kadali ndi miyendo yam'mbuyo yaitali ngati ya chiwala, maso otukumuka, ndipo kankadumpha kuchoka pa phesi lina la udzu kupita pa linzake masanasana. Komatu sikadali chiwala. Idali mphemvu.

Padapita zaka zinayi mphemvuyi isadapatsidwe dzina. Mu 2010 ndi pomwe idalengezedwa kuti ndi mtundu watsopano wotchedwa Saltoblattella montistabularis, ndipo chaka chotsatira bungwe la International Institute for Species Exploration la ku America lidaiika pa mndandanda wa zamoyo khumi zochititsa chidwi zomwe zidangodziwika kumene. Ntchito yomwe imagwirika pakati pa tsiku lokola kachilombo ndi tsiku lokapatsa dzina ndi yaikulu, ndipo ili ndi malamulo ake. Nkhani ya mphemvuyi ikuonetsa bwino momwe ntchitoyo imayendera, komanso chifukwa chake mapiri amasunga zamoyo zambiri zomwe sizidadziwikebe.

Mphemvu zambiri sizidziwa khitchini

Munthu wa mu Ndirande kapena ku Area 25 akamva mawu oti mphemvu amaganiza za kachilombo kothawira pansi pa kabati magetsi akayatsidwa. Akuluakulu adaitcha mdyerakumthiko poona momwe imadalira zotsala za anthu. Koma mphemvu za m'nyumba ndi kagawo kakang'ono kwambiri ka fuko lonse. Mitundu ya mphemvu yomwe idalembedwa ndi pafupifupi 4,600, ndipo mwa imeneyi ndi pafupifupi 30 yokha yomwe imapezeka m'malo okhala anthu. Yotsalayo imakhala m'masamba ofota a m'nkhalango, pansi pa makungwa, m'mitengo yowola, m'mapanga, mumchenga wa m'chipululu ndi m'udzu wa pamwamba pa mapiri.

Mphemvu zakutchirezi zimagwira ntchito yomwe anthu saiona. Zimadya masamba ndi mitengo yakufa, n'kubwezera m'nthaka chakudya chomwe zomera zimafuna. Nazonso ndi chakudya cha abuluzi, achule, mbalame ndi akangaude. Zambiri mwa izo sizingathe kukhala m'nyumba, poti matupi awo adazolowera chinyezi, kuzizira kapena chakudya cha malo amodzi okha.

Ziwiri zomwe zidaipitsa mbiri ya zinzake zonse ndi Periplaneta americana, yaikulu yofiirira ija ya m'zimbudzi ndi m'ngalande, ndi Blattella germanica, yaing'ono ya m'makhitchini. Maina onse awiri adachokera kwa katswiri wa ku Sweden, a Carl Linnaeus, m'zaka za m'ma 1700. Ngakhale yachiwiriyo ili ndi dzina la dziko la Germany, kafukufuku wa DNA yemwe adatuluka mu 2024 adaonetsa kuti makolo ake adachokera ku Asia zaka pafupifupi 2,100 zapitazo. Dzina la sayansi ndi chizindikiro chabe chokhazikika. Silikakamizidwa kunena zoona zonse za mwini wake.

Funso loyamba: kodi ndi mphemvudi?

Kachilombo kachilendo kakafika pa tebulo la katswiri, ntchito yoyamba ndi kudziwa gulu lalikulu lomwe kalimo. Apa maonekedwe a patali amanamiza. Zamoyo zomwe sizili pachibale zimatha kufanana ngati zikukhala moyo wofanana, monga momwe mleme ndi mbalame zonse zilili ndi mapiko koma mleme umayamwitsa. Kachilombo ka ku Silvermine kankakhala m'malo amodzi ndi ziwala, kankayenda ngati ziwala, choncho kufanana nazo sikudali umboni wa chibale.

Akatswiri amayang'ana ziwalo zomwe sizisintha msanga ngakhale moyo wa kachilombo utasintha. Chimodzi mwa izo ndi phazi. Kunsonga kwa mwendo wa mphemvu kuli timfundo tisanu, pomwe chiwala ndi nkhululu zili ndi titatu. China ndi chishango chophwatalala chomwe chili kumbuyo kwa mutu, chomwe pa mphemvu zambiri chimaphimba mutuwo pang'ono kapena wonse. Palinso tsinde la mwendo, pomwe mwendo umalumikizana ndi thupi, lomwe pa mphemvu ndi lalikulu komanso lophwatalala.

Kaikiridwe ka mazira nakonso ndi umboni wamphamvu. Mphemvu yaikazi imakuta mazira ake m'kachikwama kolimba, kaja kofiirira kamene anthu amakapeza m'ngodya za makabati. Chiwala sichichita zimenezi. Chimabaya mimba yake m'nthaka n'kuikira momwemo. Chomaliza ndi ziwalo zoberekera za yaimuna, zomwe pa mphemvu mbali yakumanzere imasiyana ndi yakumanja. Zizindikiro zotere zikagwirizana, funso loyamba limakhala layankhidwa, ngakhale miyendo itatalika motani.

Funso lachiwiri: kodi palibe adaiona kale?

Ili ndilo funso lomwe limadya nthawi. Kuti munthu anene kuti chinthu ndi chatsopano, ayenera kutsimikiza kuti sichili pakati pa zikwi zomwe zidalembedwa kale, ndipo zolembazo zidamwazikana m'mabuku a zaka zoposa 250, m'Chilatini, Chijeremani, Chifalansa, Chirasha ndi Chingerezi. Zina zidalembedwa m'mizere itatu yokha popanda chithunzi. Mphemvu zambiri za mu Africa zidatengedwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo zitsanzo zake zili m'nyumba zosungira zinthu zachilengedwe za ku London, Paris, Berlin ndi mizinda ina ya ku Ulaya. Masiku ano pali mndandanda wa pa intaneti wotchedwa Cockroach Species File, womwe adauyambitsa a George Beccaloni ali ku Natural History Museum ku London, womwe umasonkhanitsa maina onse pamodzi. Umapeputsa ntchito, koma sulowa m'malo mwa kuona chitsanzo chenicheni ndi maso.

Ndi chifukwa chake akatswiri a ku Cape Town aja adagwirizana ndi anzawo awiri a ku Germany odziwa bwino matupi a mphemvu, a Horst Bohn a ku Munich ndi a Klaus-Dieter Klass a ku Dresden. Akatswiri otha kusiyanitsa mphemvu mpaka pa mtundu weniweni ndi ochepa pa dziko lonse, ndipo kuchepa kwawoku ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe tizilombo tambiri timakhalira zaka m'mabotolo tisadapatsidwe maina.

Ntchito yeniyeni imachitika pa maikulosikopu. Katswiri amafuna zitsanzo zingapo, zazimuna ndi zazikazi zokhwima, chifukwa ana a mphemvu amasiyana ndi akuluakulu ndipo chitsanzo chimodzi chikhoza kukhala cholumala. Amayesa utali wa thupi, wa chishango ndi wa miyendo. Amawerenga minga ya pa ntchafu ya mwendo wakutsogolo ndi kuona kandandalikidwe kake. Amayang'ana ngati pamsana pa yaimuna pali timaenje totulutsa fungo lokopa yaikazi, ndipo ngati tilipo, tili pa mfundo iti ya mimba.

Kenako amadula kunsonga kwa mimba ya yaimuna, n'kuviika m'mankhwala osungunula mnofu kuti patsale tizigawo tolimba ta ziwalo zoberekera. Tizigawoti ndi tating'ono kuposa njere ya mapira, koma ndito timanena zambiri. Mitundu iwiri ikhoza kufanana kunja konse koma n'kusiyana pamenepa. Pali kambedza komwe yaimuna imakolera yaikazi pokwerana. M'magulu ena a mphemvu kali kumanzere, m'magulu ena kumanja, ndipo mbali yomwe kali imathandiza kudziwa gulu. Zonsezi zimajambulidwa mosamala kuti katswiri wina, kulikonse komwe ali, athe kuyerekeza ndi zomwe ali nazo.

Pa mphemvu ya ku Silvermine, kusiyana kudali kwakukulu. Ilibe mapiko ouluka nawo. Ntchafu zake zam'mbuyo ndi zonenepa, zodzaza ndi minofu. Maso ake adatukumukira kunja ngati theka la mpira, pomwe a mphemvu zambiri ndi ophwatalala, ooneka ngati impso. Tinyanga take tili ndi cholumikizira chachiwiri patsinde, chomwe akatswiri akuti chimatilimbitsa podumpha. Padalibe fuko lodziwika la mphemvu lomwe likadailandira, choncho idafunika dzina la mtundu komanso la fuko latsopano.

Dzina lili ndi malamulo

Dzina la sayansi la nyama lili ndi mawu awiri. Loyamba ndi la fuko, lachiwiri ndi la mtundu. Zili ngati kutchula mfunda poyamba kenako dzina la munthu, monga kunena kuti Phiri uje kapena Banda uje: a mfunda umodzi akhoza kukhala ambiri, koma mawu awiriwo akaphatikizana amaloza mmodzi yekha. Mawu oti Saltoblattella adapangidwa kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kudumpha ndi ena otanthauza kamphemvu, pomwe montistabularis akutanthauza kuti ya ku Table Mountain.

Njira yotchula maina motere idakhazikika ndi buku la a Linnaeus la mu 1758, ndipo lero imatsatira malamulo a International Code of Zoological Nomenclature. Malamulowa amafuna kuti dzina lilembedwe m'zilembo za Chilatini, lisindikizidwe poyera m'njira yoti ena athe kulipeza, ndipo pakhale kufotokoza kosiyanitsa mtunduwo ndi ina. Dzina la fuko lisakhale loti lidagwiritsidwapo kale ntchito pa nyama ina iliyonse. Zikapezeka kuti anthu awiri adatcha mtundu umodzi maina osiyana, dzina lomwe lidayamba kusindikizidwa ndilo limapambana. Kuyambira mu 2012, kusindikiza pa intaneti pokha kumaloledwa, bola nkhaniyo ilembetsedwe m'kaundula wotchedwa ZooBank.

Lamulo lofunika kwambiri ndi la chitsanzo chonyamula dzina, chomwe akatswiri amachitcha holotype. Mwa zitsanzo zonse zomwe zasonkhanitsidwa, chimodzi chimasankhidwa, chimapatsidwa kapepala, kawirikawiri kofiira, kolembapo malo, tsiku ndi dzina la yemwe adachitola, ndipo chimasungidwa m'nyumba yosungira zinthu zachilengedwe momwe akatswiri ena angachione. Mkangano ukabuka patapita zaka 100 woti dzinalo ndi la kachilombo kati, chitsanzo chimenecho ndicho mboni. Chikapsa kapena kudyedwa ndi tizilombo tina, dzinalo limakhala pa mavuto. Ichi ndi chifukwa chake makabati a zitsanzo m'nyumba zotere amasamalidwa ngati kaundula wa malo.

Nkhani yofotokoza mphemvuyi idatuluka mu 2010 m'magazini ya sayansi ya Arthropod Systematics & Phylogeny, pansi pa maina a akatswiri anayiwo. Nkhani zotere zisadasindikizidwe zimaunikidwa kaye ndi akatswiri ena omwe sadatenge nawo mbali.

Malo ake pakati pa abale

Kutcha dzina ndi ntchito ina, kuika m'gulu ndi inanso. Mafuko ofanana amaikidwa m'banja limodzi, ndipo mabanja amapanga gulu lalikulu. Gulu la mphemvu zonse limatchedwa Blattodea. Olemba aja adaika mphemvu yodumphayi m'banja la Blattellidae, lomwe pa nthawiyo linkaphatikiza mphemvu zing'onozing'ono zambirimbiri kuphatikizapo ya m'khitchini ija. Malire a banjali akhala akusinthidwa kuchokera nthawi imeneyo, ndipo mabuku ambiri adayamba kugwiritsa ntchito dzina loti Ectobiidae. Dzina la mtundu limakhala lokhazikika, koma banja limatha kusintha umboni watsopano ukapezeka, chifukwa kuika m'gulu ndi kunena za chibale, ndipo chibale chimafufuzidwa.

Chitsanzo chachikulu cha kusintha kotere chikukhudza chakudya chomwe Amalawi amachidziwa bwino. Kwa zaka zambiri chiswe chinkaikidwa m'gulu lakelake. Mu 2007, akatswiri atatu a ku Natural History Museum, a Daegan Inward, a George Beccaloni ndi a Paul Eggleton, adaunika DNA ya mitundu yoposa 100 ya mphemvu, chiswe ndi ziswamphika, ndipo adatsimikiza kuti chiswe chidaphuka mkati mwa fuko la mphemvu. Lero mitundu pafupifupi 3,000 ya chiswe imawerengedwa m'gulu la Blattodea. Kunena mwachidule, chiswe ndi mphemvu zomwe zidaphunzira kukhala m'mudzi waukulu wokhala ndi make ndi antchito, ndipo ngumbi zomwe zimagulitsidwa m'misika mvula ikayamba ndi abale a mphemvu. Chiswamphika nacho ndi msuweni wa patali, ndipo nachonso chimakuta mazira ake m'kachikwama.

Kudumpha kudayesedwa

Dzina litakhazikika, kafukufuku wina adatheka. A Picker ndi a Colville adagwirizana ndi a Malcolm Burrows a ku yunivesite ya Cambridge, katswiri wa kadumphidwe ka tizilombo, ndipo adajambula mphemvuyi ndi makamera othamanga kwambiri. Zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya Biology Letters.

Adapeza kuti pa maulendo 100 aliwonse omwe mphemvuyi imasuntha, 71 amakhala odumpha. Ngakhale thupi lake ndi la pafupifupi sentimita imodzi kapena kucheperapo, imatha kudumpha mtunda wotalika kuwirikiza ka 48 utali wa thupi lakelo, pomwe dzombe limafika pafupifupi ka 20. Munthu wotalika mita imodzi ndi masentimita 70 akadakhala ndi mphamvu yotere, bwenzi akudumpha mamita oposa 80. Imanyamuka pa liwiro la mamita 2.1 pa sekondi. Miyendo yake yam'mbuyo ndi yotalika kawiri kuposa inayo, ndipo imatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lonse.

Minofu payokha singathe kutulutsa mphamvu yotere m'kanthawi kochepa choncho. Chomwe chimachitika n'chakuti minofu ya m'ntchafu imayamba kukoka mwendo usadasunthe, mphamvu n'kusungika, kenako imamasulidwa kamodzin'kamodzi, monga momwe legeni imachitira. Pa bondo pake adapezapo resilin, chinthu chotamuka ngati mphira chomwe chimapezekanso mwa tizilombo tina todumpha. Mphemvuyi isadapezeke, mphemvu yokhayo yomwe akatswiri ankaiganizira kuti inkadumpha idali ya m'miyala yakale ya nyengo ya Jurassic, zaka zoposa 140 miliyoni zapitazo.

Chifukwa chodumphira chikuoneka m'malo omwe imakhala. Pa mapiri a ku Cape pali zomera zotchedwa fynbos, ndipo pakati pake pali mitundu yooneka ngati mlulu, ya mapesi aatali, oonda, oima chilili. Kachilombo kofuna kuchoka pa phesi lina kupita pa linzake kakadayenera kutsika pansi ndi kukweranso. Kudumpha kumafupikitsa ulendo ndi kuthandiza kuthawa adani.

Pomwe maso sakwanira

Mphemvu ya ku Table Mountain idali yosavuta kuzindikira kuti ndi yachilendo. Nthawi zambiri vuto limakhala losiyana: mitundu ingapo imafanana kwambiri moti imabisala pansi pa dzina limodzi. Chitsanzo chodziwika ndi fuko la Cryptocercus, mphemvu zopanda mapiko, zakuda mowala, zomwe zimakhala mkati mwa mitengo yowola m'nkhalango zozizira za m'mapiri a ku North America ndi kum'mawa kwa Asia.

Mphemvuzi ndi zofunika pa sayansi chifukwa ndizo abale apafupi kwambiri a chiswe. Zimadya nkhuni, ndipo zimatha kuzigaya mothandizidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'matumbo mwake, ta mtundu womwewo wopezeka mwa chiswe china. Katswiri wa ku America, a Lemuel Cleveland, ndi anzawo adafotokoza zimenezi mu 1934. Yaimuna ndi yaikazi zimakhala pamodzi n'kulera ana kwa zaka, ndipo anawo, omwe amabadwa otuwa ngati chiswe, amalandira tizilombo ta m'matumboto pomwa timadzi tochokera kumatako kwa makolo awo.

Kuyambira mu 1862, pomwe a Samuel Scudder adatcha dzina loti Cryptocercus punctulatus, mphemvu zonse za fukoli ku America zinkaonedwa ngati mtundu umodzi. Mu 1997, za kumapiri a kumadzulo kwa dzikolo zidapatulidwa n'kutchedwa Cryptocercus clevelandi. Za kumapiri a Appalachian kum'mawa zidatsala pansi pa dzina lakale, koma akatswiri atawerenga machromosome, timitolo tomwe timasunga DNA m'maselo, adapeza kuti zazimuna za m'madera osiyana zili ndi 37, 39, 43 kapena 45. Mu 1999, a Craig Burnside, a Paul Smith ndi a Srinivas Kambhampati, potengera machromosome ndi DNA, adalengeza mitundu itatu yatsopano: darwini, wrighti ndi garciai. Dzina loyamba lidalemekeza a Charles Darwin, lachiwiri katswiri wa za chibadwa a Sewall Wright, ndipo lachitatu woimba a Jerry Garcia.

Si onse adavomereza msanga. Akatswiri ena adapitiriza kunena za gulu la punctulatus, poona kuti mitundu yomwe munthu sangaisiyanitse ndi maso imafuna umboni wochuluka woti siberekana pomwe yakumanirana. Mkangano wotere ndi wa nthawi zonse pa ntchitoyi, ndipo gwero lake ndi funso loti mtundu ndi chiyani. Tanthauzo lofala limati ndi zamoyo zomwe zimaberekana zokhazokha n'kubala ana obereka. Koma magulu awiri okhala pa mapiri otalikirana sakumana n'komwe, choncho katswiri amayenera kuweruza kuchokera ku umboni wina.

Ku Asia nkhani yake ndi yofanana. Mitundu iwiri yoyamba idalembedwa m'zaka za m'ma 1930 ndi katswiri wa ku Russia, a Grigory Bey-Bienko. Mu 2001 mtundu wina udalengezedwa kuchokera ku phiri la Gyebang ku South Korea, ndipo kuchokera apo akatswiri alemba mitundu ina yambiri ya m'mapiri a kumwera chakumadzulo kwa China, makamaka a Hengduan.

Chida chomwe chimagwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano ndi njira yomwe a Paul Hebert a ku yunivesite ya Guelph ku Canada adailimbikitsa mu 2003. Amawerenga kachigawo kamodzi ka DNA kotchedwa COI, ka zilembo pafupifupi 650, n'kukayerekeza ndi ka zamoyo zina, monga momwe makina a m'sitolo amawerengera timizere ta pa katundu. Njirayi imathandiza kulumikiza mwana ndi kholo, kapena yaimuna ndi yaikazi zomwe sizifanana. Komabe payokha siikwanira. Akatswiri osamala amafuna kuti DNA, thupi, malo ndi khalidwe zonse ziloze kumodzi asadalengeze mtundu watsopano.

Chifukwa chiyani mapiri?

Kwa kachilombo kopanda mapiko komwe kamafuna kuzizira ndi chinyezi, phiri lili ngati chilumba, ndipo chigwa chotentha cha pansi pake chili ngati nyanja. Nyengo ya dziko ikazizira, nkhalango kapena udzu wa kumapiri umatsikira m'munsi ndipo tizilombo timafalikira. Ikatentha, malo oyenera amabwerera pamwamba ndipo gulu lililonse limatsekeredwa pa phiri lake. Pakapita zaka zikwi mazanamazana popanda kusakanikirana, magulu aja amasiyana pang'onopang'ono mpaka kukhala mitundu yosiyana. Kukwera kwa mapiri atsopano ndi mitsinje yozama yodula pakati pake zimachitanso chimodzimodzi.

Chomwe chimabala mitundu yambiri ndi chomwenso chimaiika pa chiopsezo. Mtundu womwe dziko lake lonse ndi mbali imodzi ya phiri ulibe kothawira. Fynbos imafuna moto wa apo ndi apo kuti mbewu zake zimere, koma moto wobwera pafupipafupi umaononga, ndipo mu March 2015 moto waukulu udatentha dera lalikulu la mapiri a kumwera kwa Cape Town kuphatikizapo Silvermine. Mitengo yobwera monga paini ndi ina ya ku Australia imalanda malo a zomera zachilengedwe ndi kukuza ukali wa moto. Mphemvu za Cryptocercus nazo zimatha pomwe mitengo ikuluikulu yakugwa yachotsedwa m'nkhalango.

Apa ndi pomwe dzina limakhala ndi phindu looneka. Kachilombo kopanda dzina kawirikawiri sikalowa pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pa chiopsezo, n'kovuta kukatchula mu lipoti lounika momwe chitukuko chikhudzire chilengedwe, ndipo akatswiri awiri sangadziwe ngati akukamba za chinthu chimodzi. Dzina ndi khomo lolowera m'malamulo ndi m'ndondomeko zoteteza.

Phunziro kwa mapiri a kuno

Table Mountain ili mkati mwa mzinda waukulu, pafupi ndi yunivesite, ndipo akatswiri akhala akutolapo zomera ndi tizilombo kwa zaka mazana. Ngati mphemvu yodumpha masana idatha kubisala pamalo otere mpaka 2006, mapiri omwe sadafufuzidwe mokwanira ayenera kuti akusunga zambiri.

Mu 2024, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi a Julian Bayliss lidasindikiza kafukufuku wonena kuti mapiri pafupifupi 30 a kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, kuphatikizapo Mulanje, Namuli ndi Mabu, ndi dera limodzi lapadera la zachilengedwe. Adawerenga mitundu 127 ya zomera, 45 ya nyama za msana ndi 45 ya zopanda msana yomwe sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Zopanda msana zomwe zidawerengedwazo ndi agulugufe ndi nkhanu za m'mitsinje, magulu omwe adafufuzidwa bwino kuposa ena. Tizilombo tobisala m'masamba ofota ndi m'mitengo yowola sitidalowe m'chiwerengerocho. Kafukufuku yemweyo adati kuyambira mu 2000, derali lataya magawo 18 pa 100 aliwonse a nkhalango zake zakale zachinyezi.

Zomwe zimafunika kuti tizilombo ta m'mapiri otere tidziwike si zida zodula zokha. Pamafunika anthu ophunzitsidwa kutola ndi kulemba bwino malo ndi tsiku, makabati otetezeka osungiramo zitsanzo m'dziko momwemo, ndi mgwirizano ndi akatswiri ochepa omwe amadziwa magulu ovutawa. Pangano la Nagoya, lomwe lidavomerezedwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2014, limafuna kuti ofuna kugwiritsa ntchito chibadwa cha zamoyo za dziko lina apemphe chilolezo ndi kugawana phindu ndi eni ake. Izi zimapatsa maiko omwe ali ndi mapiriwa mphamvu yonena kuti zina mwa zitsanzo ndi luso zitsale kwawo.

Nkhalango ya pa phiri ikapsa kapena kudulidwa, mitengo yomwe yatayika imatha kuwerengedwa ndi zitsa zake. Tizilombo tomwe tidali tisadalembedwe sitisiya chitsa. Liwiro lomwe akatswiri akutchulira maina liyenera kupikisana ndi liwiro lomwe malo okhala zamoyozo akuthera, ndipo pa mapiri ambiri a mu Africa nkhwangwa ndi moto ndizo zili patsogolo.